Phokoso la m'nyumba za kanema: mlingo woyenera ndi momwe timauchunira

Pa ntchito yochuna zokuzira mawu m'maholo oonetsera mafilimu, madandaulo awiri amabwera limodzi kuchokera m'holo imodzimodzi. Wina amatuluka akuti phokoso linali logonthetsa m'khutu, mnzake akuti sanamve zomwe anthu a m'filimumo amayankhulana. Onse amakhala akunena zoona, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi limodzi. Mawu a zokambirana sakutuluka bwino, ndiye woyendetsa makina amakweza zonse kuti mawuwo amveke, koma mfuti, mabomba ndi nyimbo nazo zimakwera. Zomwe ndalemba pano ndi za eni maholo, anyamata oyendetsa ma video show m'misika ndi m'matauni mwathu, komanso aliyense amene amaonetsa filimu kutchalitchi kapena kusukulu.

Phokoso timaliyeza m'madesibelo, olembedwa dB, ndipo manambala ake amapusitsa munthu wosawazolowera. Mukakweza ndi 3 dB yokha, khutu limangomva kusintha pang'ono, koma mphamvu yolowa m'khutumo yawirikiza kawiri. Mukakweza ndi 10 dB, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri, pomwe mphamvu yake yawirikiza kakhumi. N'chifukwa chake khutu silingakhale choyezera chanu. Kuwonjezera apo limazolowera msanga. Munthu amene wakhala m'phokoso kuyambira m'mawa, pofika madzulo amaona ngati makina afooka, n'kukwezanso.

Chovulaza ndi kukula kwa phokoso pamodzi ndi nthawi yomwe mwakhalamo. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za thanzi la anthu pantchito, limati malire a tsiku limodzi ndi 85 dBA (madesibelo oyezedwa motsanzira momwe khutu la munthu limamvera) kwa maola 8, ndipo pa 3 dB iliyonse yowonjezera nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, pa 97 mphindi 30, pa 100 mphindi 15 basi. Lamulo la mayiko a European Union la 2003 limayambira pansipo: phokoso la tsiku likafika 80 dBA, bwana ayenera kuphunzitsa antchito ndi kuika zoteteza makutu poti azipeza, likafika 85 kuvala kumakhala kokakamiza, ndipo lofika m'khutu lisapitirire 87. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa muyeso wa malo achisangalalo wonena kuti avereji ya mphindi 15 zilizonse isadutse 100 dBA. Nambala imeneyo anthu amaimva molakwika. Ndi denga la malo ovina ndi makonsati, si mlingo woti muzifikapo m'holo ya kanema yomwe mwadzaza ana.

Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika kotchedwa cochlea, momwe muli timaselo tokhala ndi titsitsi, pafupifupi 16,000 khutu lililonse. Phokoso likapitirira, timaseloti timatopa, n'chifukwa chake munthu amatuluka m'holo makutu akulira kapena akumva ngati atsekeka. Nthawi zambiri pofika mawa zimatha. Koma zikamachitika mobwerezabwereza timaseloti timafa, ndipo mwa munthu sitimeranso. Kumayamba kuwonongeka ndi kumva mawu aang'ono okwera, cha pa 4,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), komwe kuli zilembo monga s, f ndi ts. Munthu wotere amamva kuti wina akuyankhula koma mawu ake sakuwagwira, makamaka pagulu. Ndiye taganizani munthu ameneyo ndi amene wagwira voliyumu.

Holo yeniyeni ya kanema ili ndi muyeso wodziwika padziko lonse, ndipo ndi womwewo umene opanga filimu amagwiritsa ntchito posakaniza mawu ku studio. Kachunidwe kake ndi aka. Pa makina a Dolby, kaya ndi CP650, CP750 kapena atsopano, fader, yomwe ndi voliyumu ya holo yonse, imaikidwa pa 7.0. Mumatulutsa pink noise, phokoso lomveka ngati mathithi a madzi, pa mlingo wa -20 dBFS (madesibelo 20 pansi pa mlingo wapamwamba kwambiri wa mawu a digito), sipika imodzi imodzi. Choyezera chimaikidwa pa C-weighting (kayezedwe kowerengeranso besi, kolembedwa dBC) ndi slow (kuwerenga pang'onopang'ono), pakati pa mzere, pa mtunda wa magawo awiri mwa atatu kuchoka pa sikirini kupita kumbuyo, pa msinkhu wa khutu la munthu wokhala pansi. Holo ikhale yopanda anthu, zitseko zotseka. Masipika atatu a kuseri kwa sikirini, ya kumanzere, ya pakati ndi ya kumanja, iliyonse payokha ipereke 85 dBC. Mbali iliyonse ya masipika a m'makoma ipereke 82 dBC. Sabuwufa, sipika ya besi yakuya, ili ndi kachunidwe kakekake: iyenera kukhala 10 dB pamwamba pa sipika ya pakati mkati mwa chigawo chake cha mawu apansi, ndipo zimenezi zimaoneka bwino pa analyser, chida chosonyeza mlingo wa chigawo chilichonse cha mawu. Ambiri amaichuna ndi choyezera wamba n'kuikankhira pa 95, poganiza kuti 85 kuphatikiza 10 ndiye yankho. Yochunidwa bwino imawerenga cha pa 90 pa choyezera wamba, chifukwa imatulutsa kachigawo kochepa ka mawu. Wofika pa 95 wadzaza holo ndi besi yosafunika.

Mlingo usanachunidwe, equaliser, chida chokweza kapena kutsitsa zigawo za mawu, iyenera kutsatira chomwe timati X-curve, cholembedwa mu ISO 2969: mawu amayenda mofanana mpaka pa 2,000 Hz, kenako amatsika ndi 3 dB pa octave iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse nambala ya Hz ikawirikiza kawiri. Wokonza holo yayikulu kuti mzerewo ukhale wowongoka mpaka kumapeto amapanga mawu olasa m'khutu, ndipo anthu amadandaula za phokoso ngakhale choyezera chikusonyeza nambala yabwino.

Nambala ya 85 imeneyi isasokonezedwe ndi ija ya NIOSH. Iyi ndi ya poyesera makina, sikutanthauza kuti filimu yonse imalira pa 85. Zokambirana wamba zimakhala pansi pake ndithu, pomwe pamwamba pali malo a 20 dB osiyira zophulika, kotero sipika iliyonse ya kuseri kwa sikirini ikhoza kufika 105 dB kwa kamphindi, sabuwufa 115. Popeza malo aphokosowo ndi afupi, mafilimu ambiri akaseweredwa m'holo yochunidwa bwino avereji yake imakhala pansi pa 85 dBA, ndipo munthu wamkulu woonera filimu imodzi ya maola awiri samaliza gawo lake la tsiku. Ovuta ndi mafilimu ankhondo osakanizidwa mwaphokoso kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Filimu yeniyeni ilibe malire omwe makampani anagwirizana. Malire alipo pa ma trailer, timakanema totsatsa mafilimu akubwera, 85 Leq(m) (avereji ya phokoso la kanema yense) malinga ndi muyeso wa bungwe la TASA, ndi pa zotsatsa malonda, 82 Leq(m) malinga ndi bungwe la SAWA. Ngakhale zili choncho, trailer imamveka yaphokoso kuposa filimu chifukwa mphindi ziwiri zake zonse ndi zodzaza. Maholo ambiri amaika mu seva, kompyuta yoseweretsa filimu, lamulo loti fader itsike pa zotsatsa n'kukweranso filimu ikamayamba. Lamulo lachiwirilo likaiwalika, filimu imayamba mawu ali pansi, wina amathamanga kukakweza ndi dzanja, n'kupitirira.

Dziwaninso momwe fader imayendera. Pakati pa 4 ndi 10, nambala imodzi ndi 3.3 dB. Choncho 5.5 ili 5 dB pansi pa muyeso, ndipo 4.0 ili 10 dB pansi. Kutsika kupitirira 4 mawu amagwa mofulumira kwambiri, 20 dB pa nambala iliyonse. Maholo ambiri amasewera pakati pa 5 ndi 6, ndipo ine sindiona cholakwa ndi 5.5 kapena 6 m'holo yaying'ono, poti m'chipinda chaching'ono mlingo womwewo umamveka waukulu. Koma ngati anthu akudandaulabe fader ili pa 5, musaitsitsenso. Vuto lili pena.

Koyamba kuyang'ana ndi sipika ya pakati, chifukwa pafupifupi zokambirana zonse zimatulukira mmenemo. Kachiwalo kake ka mawu okwera kakapsa kapena diaphragm yake (kachikopa konjenjemera kotulutsa mawu) ikang'ambika, mawu amamveka ngati munthu akuyankhulira m'bulangete. Sewerani pink noise kumanzere, pakati, kumanja motsatizana. Zitatuzo zimveke mofanana, ndipo ya pakati ikamveka yogontha mwapeza nthenda. Onaninso ngati lipenga lake lotulutsira mawu okwera silinatembenuke n'kuloza kudenga, ndiponso ngati timabowo ta sikirini sitinatsekeke ndi fumbi, poti mawu amadutsa m'timabowo timeneto. Chachiwiri ndi amplifaya yochepa mphamvu. Ikakakamizidwa imadula nsonga za mawu, chomwe timati clipping, ndipo kanyali kofiira kamayaka. Mawu odukawo amabala timawu tokanda tomwe timapweteka khutu, komanso ndi amene amaotcha ma tweeter, timasipika ta mawu okwera. Pamenepa zinthu zimazungulira: tweeter yapsa, mawu sakumveka, wina wakweza, clipping yachuluka, china chapsanso. Chachitatu ndi waya wolumikizidwa motembenuza pa imodzi mwa masipika a besi, zomwe zimachititsa kuti masipika awiri azilimbana, besi n'kusowa pakati pa holo, woyendetsa n'kumaiwonjezera mpaka okhala m'makona kuvutika.

Ku ma video show nkhani ndi ina, ndipo m'kuona kwanga ndi kumene kuli ngozi yaikulu kuposa m'maholo apamwamba. Kachipinda n'kakang'ono, denga ndi lamalata, makoma ndi a njerwa kapena matabwa, sipika ili pansi pafupi ndi TV, ndipo amene amakhala kutsogolo penipeni ndi ana. Pabwalo, phokoso limatsika ndi 6 dB mtunda ukawirikiza kawiri: 100 dB pa mita imodzi imakhala 94 pa mamita awiri ndi 88 pa mamita anayi. M'chipinda limatsika mocheperapo chifukwa makoma amabweza mawu, komabe mwana wokhala mkono umodzi kuchoka pa sipika akulandira mphamvu yochuluka kangapo kuposa bambo wa pa benchi yakumbuyo amene akukuwa kuti akweze. Chinthu chotsika mtengo kwambiri chomwe mungachite ndi kukweza sipika m'mwamba, mamita awiri kapena kuposerapo, n'kuipendeketsa kuti iloze mabenchi akumbuyo, kenako kusiya mamita awiri opanda munthu patsogolo pake. Kusiyana kwa kutsogolo ndi kumbuyo kumachepa, ndipo mudzapeza kuti mwatsitsa voliyumu popanda wodandaula. Chipinda chikakhala chachitali, masipika awiri ang'onoang'ono, ina kutsogolo ina pakati, amaposa chimodzi chachikulu cholira kuchokera kutsogolo.

Makoma osalala ndi malata amabweza mawu mpaka mawu atsopano amagwera pa akale. Pachikani mabulangete okhuthala, makatani olemera kapena matiresi akale pa khoma lakumbuyo ndi m'mbali, mosiya kampata ka masentimita 5 mpaka 10 pakati pa nsalu ndi khoma, chifukwa mpatawo umathandiza kumeza mawu apansiko. Siling'i ya mphasa kapena mabolodi pansi pa malata imathandiza kawiri, pa kubwerera kwa mawu ndi pa mvula. Makatoni a mazira omwe ambiri amamata m'makoma sachita zambiri, ndipo amayaka msanga. Zonsezi zikhale kutali ndi mawaya ndi mababu, ndipo zisatseke khomo.

Pa equaliser, chizolowezi cha anyamata ambiri ndi kukweza besi ndi treble n'kutsitsa pakati. Pa nyimbo zovina zimakoma, koma mawu a munthu amakhala pakati pomwe mwatsitsapo. Bwezani zonse pa ziro, kenako tsitsani besi pang'ono. Ngati masipika ali ndi ma tweeter otchipa a piezo olasa m'khutu, chotsani 2 kapena 3 dB cha pa 3,000 mpaka 4,000 Hz, osapitirira, mungachotse zilembo zomwe zimamveketsa mawu. Mafilimu a 5.1 (opangidwira masipika asanu ndi sabuwufa) akaseweredwa pa masipika awiri, mawu a pakati amasakanizidwa ndi zina zonse ndipo nthawi zambiri amamira. Yatsani night mode kapena dynamic range compression pa chosewerera, kapena Compressor ya mu pulogalamu yoseweretsa mafilimu ya VLC yomwe ili pa Effects and Filters. Imatsitsa zophulika n'kusiya zokambirana zikumveka. Mu VLC momwemo musadutse 100 peresenti, poti kupitirira apo mawu amayamba kusweka asanafike n'komwe ku amplifaya. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ali ndi vuto lawolawo: mafayilo ake amasiyana mlingo, ina pansi ina pamwamba kwambiri, ndipo mawu a womasulira nthawi zina amakhala atasweka kale pojambula. Kukweza sikungakonze mawu osweka. Mverani fayilo iliyonse anthu asanalowe.

Jenereta ikhale panja, kutali, kuseri kwa khoma, osati pakhomo kapena pawindo. Phokoso lake likamalowa m'chipinda mumakakamizika kukweza filimu kuti ilipose, ndipo utsi wake uli ndi carbon monoxide yomwe imapha m'malo otsekeka.

Tsopano kuyeza. Poyesa ngozi ya makutu gwiritsani ntchito dBA, osati dBC ya pochuna ija, ndipo nambala yofunika ndi LAeq, avereji ya mphamvu pa nthawi yonse, osati nambala yodumphadumpha pa sikirini. Choyezera chabwino ndi cha Class 2 kapena Class 1 malinga ndi IEC 61672, chotsimikizidwa ndi calibrator yotulutsa 94 dB pa 1,000 Hz musanayambe ndi mukamaliza. Ngati mulibe, foni ndi poyambira. Pulogalamu ya NIOSH Sound Level Meter ndi yaulere, koma ndi ya iPhone yokha. Pa mafoni a Android maikolofoni amasiyana kwambiri, ndipo ambiri amaleka kukwera phokoso likakula, kotero nambala ikhoza kuima pomwe phokoso likukwerabe. Foni yotere ikakuuzani 90, ikhulupirireni kuti zafika poipa. Ikakuuzani 82 koma inu mukuchita kukuwa kuti munthu wotalikira mkono umodzi akumveni, khulupirirani kukuwako, chifukwa kumasonyeza kuti mwafika kapena mwadutsa 85. Yezani pa mpando waphokoso kwambiri, filimu yonse, anthu ali momwemo, choyezera chili pa msinkhu wa khutu, osati pa chifuwa kapena chotsamira khoma. Mlingo umene ine ndimalangiza ndi avereji yosafika 85 dBA pa mpando umenewo, ndipo pa mafilimu a ana ikhale pakati pa 75 ndi 80. WHO, pa nkhani ya zomvera m'makutu, imaika 80 dB kwa maola 40 pa sabata kwa akulu ndi 75 dB kwa ana, zomwe zikusonyeza kuti ana amafunika mlingo wotsikirapo. Mukapeza malo oyenera, ikani chizindikiro cha penti pa batani la amplifaya. Ngati muli ndi limiter, ichuneni kuti ikane zopitirira, n'kuitsekera m'bokosi.

Woonera amalipira, amakhala maola awiri, n'kupita kwawo. Wantchito amatsala. Kuwerengera kwake n'kosavuta: gawani nthawi yomwe munthu wakhala pa mlingo wina ndi nthawi yololedwa pa mlingowo, n'kuphatikiza zonse. Mnyamata wokhala maola awiri pa 91 dBA wamaliza kale gawo lake lonse la tsiku. Akakhalanso maola anayi pa 88, wadya la masiku awiri. Wokhala maola khumi pa 94 walandira kakhumi kuposa malire, ndipo mawa abweranso. M'ma video show wovulala kwambiri nthawi zambiri ndi wotolera ndalama pakhomo, chifukwa sipika yoitanira makasitomala imapachikidwa pamwamba pa mutu wake ndipo imalira tsiku lonse. Sipika imeneyo ikhale ndi voliyumu yakeyake, italikirane ndi khomo, iloze kumsewu, ndipo izimitsidwe chipinda chikadzaza. Anansi nawo adzakuthokozani. M'maholo akuluakulu, ganizirani za olondolera anthu amene amaima pansi pa masipika a m'makoma, okonza m'holo pomwe nyimbo zomaliza zikulira pa mlingo wonse, ndi amisiri ogwira ntchito kuseri kwa sikirini. Munthu asalowe kuseri kwa sikirini pink noise ikulira popanda zoteteza makutu. Chomwe chili 85 pa mpando woyezera chimakhala choposa 100 pakamwa pa lipenga. Amene ali ku makina asatulutse mawu asanamve kuti mnzake watuluka kapena wavala.

Kusinthana ntchito kumathandiza: ola mkati, ola panja pa malo abata. Zoteteza makutu zimabwera pambuyo pa zonsezi, osati m'malo mwake. Za siponji zimagwira ntchito pokhapokha zitalowa bwino. Ndi manja oyera, finyani n'kupota kasiponjiko mpaka kakhale kowonda kopanda makwinya, dutsitsani dzanja lina pamwamba pa mutu n'kukokera khutu m'mwamba ndi kumbuyo, lowetsani, gwirani ndi chala masekondi 30 mpaka katupe. Mukayang'ana pagalasi kuchokera kutsogolo, kasaoneke kotulukira kwambiri. Kuvula pang'ono kumawononga zambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Choteteza chochotsa 30 dB mukachivula mphindi 5 zokha pa ola limodzi la phokoso, chitetezo cha ola lonselo chimatsika kufika pa 11 dB. Kwa wantchito wofunika kumva makasitomala, zabwino ndi za oimba, zokhala ndi fyuluta ya 9, 15 kapena 25 dB, zomwe zimatsitsa mawu onse mofanana, ndipo ya 15 imakwanira m'maholo ambiri. Thonje ndi tishu siziteteza kanthu, ndipo mahedifoni oimba nyimbo amangowonjezera phokoso pa phokoso.

Kwa makolo: khanda lisalowe m'holo ya filimu yankhondo. Ana okulirapo akhale pakati kapena chakumbuyo, kutali ndi masipika a m'makoma, ndipo mwana akatseka makutu ndi manja, mutulutseni kaye. Zoteteza zoyenera ana ndi zovala pamutu zophimba khutu lonse, poti timasiponji mwana wamng'ono akhoza kutimeza.

Wantchito aliyense wa m'malo aphokoso ayezetse makutu poyamba ntchito, kenako chaka ndi chaka, n'kusunga pepala la zotsatira, lotchedwa audiogram, kuti liziyerekezedwa ndi lotsatira. Kutsika kwa mzere cha pa 4,000 Hz kumaoneka papepalapo munthu asanazindikire yekha kuti kumva kwachepa, ndipo imeneyo ndi nthawi yomusuntha pa malo kapena kutsitsa mlingo. Ku Malawi kuyeza kotere kumachitika ku chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Makutu akamalirabe patatha tsiku limodzi kapena awiri, pitani mukaonedwe. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, pitani tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a vuto limenelo amathandiza kwambiri m'masiku oyambirira.